Makala olowa m'khoma asachokere m'nkhalango

Akonzi,

Ndipatseniko kampata pa tsamba lanu la makalata ndiyankhulepo za nkhani yomwe yandikhala pamtima kwa miyezi ingapo tsopano, ya makala osinja otchedwa biochar omwe ena ayamba kuthira mu simenti pomanga. Ine ntchito yanga ndi yomanga, ndakulira pa fosholo ndi wilibala, thumba la simenti ndalisenza paphewa kuyambira ndili mnyamata mpaka pano imvi zayamba. Nkhani za kusintha kwa nyengo zikatuluka m'nyuzipepala mwanumu ndimawerenga ndithu, koma nthawi zambiri chala chimaloza magalimoto, malasha opangira magetsi ndi odula mitengo, ife omanga timangodutsa ngati sizikutikhudza pomwe zoona zake dzanja lathu lilimo, ndipo lilimo kwambiri.

Simenti yekhayu amatulutsa pafupifupi 8 peresenti ya mpweya wonse wa kaboni womwe anthu timauponya mlengalenga. Dziko lonse limapanga matani pafupifupi 4 biliyoni a simenti pa chaka, ndipo pafupifupi theka amapangidwa ku China. Anthu ambiri amaganiza kuti vuto lili pa moto wa m'fakitale basi, sinanga ng'anjo yake imafika madigiri 1,450, koma moto ndi gawo lochepa. Gawo lalikulu lili m'mwala wa laimu weniweniwo. Mukaotcha makilogalamu 100 a mwala umenewu, 44 amauluka ngati mpweya wa kaboni, 56 okha ndi amene amatsala kuti apite mu simenti, ndiye olo fakitale itayendera dzuwa kapena mphepo mpweyawo utulukabe chifukwa ukuchokera m'mwalamo. Njira imeneyi ndi yakale, Joseph Aspdin wa ku Leeds ku England analembetsa simenti wa Portland mu 1824, ndipo pamfundo yootcha mwala wa laimuyi sitinasunthe mpaka lero. Tikawerengera mwapakatikati, thumba limodzi la makilogalamu 50 limakhala litasiya mlengalenga makilogalamu pafupifupi 30 a mpweya wa kaboni lisanafike n'komwe pa saiti. Nambala imeneyi muisunge, tiifunanso kutsogoloku.

Za biochar ndinazimva kwa mnyamata wina wophunzira uinjiniya amene anabwera kudzaphunzira ntchito pa saiti yomwe ndinkagwira. Tsiku lina pa nthawi yopuma anandionetsa pa foni yake buloko lakuda bii, nkundiuza kuti muli makala osinja. Ine ndinakana pompo. Ife tinaphunzitsidwa kuti mchenga ukakhala ndi zinyalala zakuda, masamba owola kapena timizu, sutengedwa, umafooketsa konkire, nde wina azibwera kuti tithiremo makala mwadala? Koma mnyamatayo sanapse mtima, anangondifunsa kuti, bambo, tsamba limawola, nanga khala munaliona litawola? Funso limenelo ndinapita nalo kunyumba. Ndithudi pokumba maziko timapeza makala a moto wa anthu omwe palibe akuwakumbukira, ali chikhalire, ukawatswanya akulirabe kuti kheche.

Nkhani yonse yagona pamenepo. Mtengo kaya mbewu ikamakula imakoka mpweya wa kaboni mlengalenga nkuusandutsa thupi lake. Ikafa nkuwola, kapena ikapsa mpaka phulusa, mpweya uja umabwerera komwe unachokera. Koma mukaiotcha pamalo pomwe mpweya wabwino ukulowa pang'ono kwambiri, pa kutentha koyambira madigiri 350 kupita m'mwamba, simafika pa phulusa, imatsala makala, ndipo gawo la kaboni uja, theka kapena kucheperapo, limamangika m'makalamo mwanjira yoti tizilombo towoletsa zinthu timalephera kulidya. Ku Amazon m'dziko la Brazil kuli dothi lakuda lomwe amalitcha terra preta, anthu akale ankathiramo makala, ndipo papita zaka zoposa 1,000 makalawo adakalimo. Ndiye biochar ndi makala ndithu, kusiyana kwake ndi koti sapangidwira kuti akapse pa moto, amapangidwira kuti akasungidwe, kaya m'nthaka kaya m'khoma, ndipo amayenera kuchokera ku zotsalira monga utuchi, mankhusu a mpunga, makoko ndi nthambi zosadzidwa. Kilogalamu imodzi ya kaboni ikapsa imabala makilogalamu 3.67 a mpweya uja, ndiye kilogalamu imodzi ya biochar wabwino imakhala yatsekera makilogalamu a pakati pa 2.5 ndi 3 a mpweyawo.

Ine sindikhulupirira za pa foni ndisanazigwire ndi manja. Ndinapempha utuchi kwa mnzanga wopala matabwa, amangoutaya kuseri kwa shedi ndipo ukachuluka amauyatsa, ndinauotcha mu mgolo wotseka wokhala ndi timabowo pang'ono, nkusinja, nkusefa. Kuseri kwa nyumba yanga kuli kakhoma ka sitolo yosungiramo zida komwe kanali kasanapakidwe pulasitala, ndinati ndiyesere pamenepo kuti zikalakwika ndisaononge ndalama za munthu. Ndinathira makala ouma aja m'matope a simenti momwe ndimathirira mchenga. Akonzi, matopewo anauma ndikuwaona. Ndangotembenuza kawiri katatu ndi fosholo ayamba kale kuyoyoka ngati ndaiwala madzi, ndikathira madzi akumwa, ndikathiranso akumwa, ndiye ndinapitiriza kuonjezera mpaka anafewa koma apa ndinali nditaononga kale muyezo. Ndinapaka choncho. Patatha sabata ziwiri khomalo linali ndi timing'alu ngati ukonde, ndikakanda ndi chikhadabo mchenga ukugwa. Ndinagumula zonse.

Cholakwika chinali changa, makala ali ndi timabowo tosawerengeka tosaoneka ndi maso, ali ngati siponji, ndiye akalowa ouma amalanda madzi amene simenti amafuna kuti agwire. Ulendo wachiwiri ndinawanyika m'madzi usiku wonse, m'mawa nkuwakhetsa pa saka mpaka anasiya kudontha, ndipo ndinachepetsa kwambiri, kachitini kamodzi pomwe poyamba ndinathira ndowa. Apa matope anayenda bwino, akumata osagwa, ndipo chomwe ndinachiona n'choti khoma silinaume mofulumira ngati mmene pulasitala amachitira dzuwa likamuomba, tsiku lachitatu ndikaika chikhatho ndinkamvabe kachinyezi. Mmisiri aliyense amadziwa kuti simenti salimba chifukwa chouma, amalimba chifukwa chokhala ndi madzi nthawi yaitali, n'chifukwa chake timathirira silabu m'mawa ndi madzulo. Ndiye timakala tija timasunga madzi mkati nkumawatulutsa pang'onopang'ono, kukhala ngati khoma likudzithirira lokha. Khomalo lilipo, ndi lotuwa moderako, mvula yadutsapo ndipo mng'alu sindinauone.

Zimene ndinaziona pa kakhoma kanga akatswiri anaziyeza kale ndi makina. Ku National University of Singapore, gulu la Kua Harn Wei linayesa biochar wa utuchi m'matope a simenti nkupeza kuti akakhala wochepa, 1 kapena 2 peresenti ya kulemera kwa simenti, matope amalimba msanga masiku oyambirira ndipo madzi salowamo msanga. Koma akachuluka mphamvu imayamba kutsika, zomwe n'zomveka, khala ndi lofewa, ulifinya ndi zala liphwanyika, silingalowe m'malo mwa simenti kapena mwala popanda kulipira kanthu.

Apa ndi pomwe ndikufuna owerenga anzanga amvetsetse, chifukwa nkhani imeneyi ikamakambidwa anthu amathamangira kunena kuti tapeza konkire wopulumutsa dziko. Tiyeni tibwerere ku thumba lija. 2 peresenti ya makilogalamu 50 ndi kilogalamu imodzi. Kilogalamu imodzi ya biochar yatsekera makilogalamu osapitirira 3 a mpweya, pomwe thumbalo latulutsa 30. Ndiye kuti tabwezako gawo limodzi mwa magawo 10 basi. Sizachabe ayi, pa matani mabiliyoni gawo limodzi mwa 10 ndi chinthu chachikulu, koma si zomwe ena akulengeza. Kuti thumba limodzi lifafanizike lonse pafunika makilogalamu 10 kapena 12 a biochar, ndipo mukathira wochuluka chonchi mwachisawawa mupeza zomwe ndinapeza ine ulendo woyamba zija.

N'chifukwa chake amene akuganiza mozama asiya kulimbana ndi simenti, akuyang'ana mchenga ndi miyala, sinanga mu konkire simenti ndi gawo laling'ono, chodzadza ndi miyala ndi mchenga. Ku Switzerland kuli malo a kafukufuku otchedwa Empa, kumeneko Pietro Lura ndi Mateusz Wyrzykowski anatenga biochar nkumuumba timibulu tolimba ngati timiyala, kenako nkutithira mu konkire m'malo mwa gawo la miyala, ndipo anapeza kuti timibuluto tikatenga 20 peresenti ya malo mu konkire, kaboni wosungidwa amafanana ndi amene watuluka popanga konkireyo. Chomwe chinandigwira mtima n'choti zifukwa zomwe anaumbira timibuluto ndi zomwezija ndinakumana nazo kuseri kwa nyumba, makala a ufa amamwa madzi ndipo fumbi lake ndi lovuta. Ku Washington State University ku America nako, mu 2023 gulu la Xianming Shi linayamba lanyika biochar m'madzi otsukira zida za konkire, madzi oyera a laimu aja timangowataya pansi tikamatsuka mikisa madzulo, nkupeza kuti akatero amagwirana bwino ndi simenti olo atachuluka. Madzi amenewo ine ndawataya zaka zonsezi osadziwa kuti angakhale ndi ntchito.

Koma ine monga mmisiri, malo amene ndikuona kuti biochar akhoza kulowa lero popanda kuika moyo wa munthu pachiswe ndi pomwe sipanyamula katundu. Pulasitala, mabuloko ogawa zipinda, pansi pa fuloo pomwe timangodzadzira, timiyala toyala panjira ya apansi. Ku Valais m'dziko la Switzerland lomwelo, a bungwe la kafukufuku la Ithaka Institute motsogozedwa ndi Hans-Peter Schmidt anapaka nyumba yawo pulasitala wa dongo losakaniza ndi biochar wambiri ndithu, ndipo dongo silivuta ngati simenti chifukwa silidalira muyezo wa madzi kuti ligwire. Khoma lotero limamwa chinyezi m'chipinda chikachuluka nkuchibweza kukauma, komanso timabowo tija timatchinga kutentha kuti kusadutse msanga. Amene anagonapo m'chipinda cha chinyezi, chuku chikumera kuseri kwa kabati, zovala zikununkha, amvetsa kuti phindu limeneli si laling'ono. Ndipo mwini nyumba sangalipire chinthu chifukwa choti chikuthandiza mlengalenga basi, alipira akaona kuti m'nyumba mwake mukukhalika bwino.

Zipilala, mabimu, malintala ndi silabu ya nyumba yosanja, izo ayi, asakhudze munthu mpaka injiniya atalemba muyezo ndipo zitayezedwa. Ndikunena izi mtima ukundiwawa chifukwa ndikudziwa matenda a ntchito yathu. Ndinagwirapo kwa kontrakitala wina amene ankatiuza kuti thumba limodzi litambasulidwe mawilibala oposa muyezo, ndipo injiniya akamabwera ndi pomwe tinkasakaniza zoona. Ndinachokako, koma nyumbazo anthu akugonamo. Ndiye munthu wamtima wotero akangomva kuti makala amalowa mu konkire, kwa iye ndi chilolezo chochotsa simenti nkuthiramo fumbi lakuda, kenako azidzitama kuti akusamala chilengedwe. Konkire sanama, umatenga pang'ono nkuumba timabokosi, nkutinyika m'madzi, nkukatiphwanya pa makina tsiku la 7 ndi la 28, nambala yotuluka ndi imene imayankhula. Komanso muli zitsulo mkatimo, chilichonse chosintha mmene madzi ndi mpweya zimayendera mu konkire chimakhudza dzimbiri la zitsulozo, ndipo dzimbiri limadya mwakachetechete kwa zaka zambiri lisanaonekere kunja.

Tsopano ndifike pa chimene chandilembetsa kalatayi. Mantha anga ali pa mitengo. Mawu akuti biochar ndi achilendo, koma aliyense akaona chinthucho anena kuti awa ndi makala, ndipo sakunama. Ndiye tsiku lomwe mafakitale a mabuloko adzayambe kugula makala pa matani, ndani adzaime pa geti kufunsa kuti thumba ili lachokera ku utuchi kapena ku mtengo wachilengedwe womwe unali chiimire dzulo? Akasinjidwa onse ndi ufa wakuda, diso silingasiyanitse. Ndipo kunena zoona makala a mtengo wolimba ndi amene adzakhale osavuta kupeza, odziwa kuotcha alipo kale, njira zonyamulira zilipo kale, pomwe utuchi ndi mankhusu n'zomwazikana, zopepuka, zodzadza lole koma kulemera kulibe. Msika ukangotseguka popanda mlonda udzathamangira kosavutako.

Taganizani mtengo wa zaka 60 womwe waima pamtunda. Kaboni wake yense ali m'thupi mwake, m'mizu, ndi m'nthaka yozungulira, ndipo chaka chilichonse ukukokabe wina. Mwaudula, mwauotcha m'ng'anjo ya dothi, wambiri wauluka ndi utsi, wotsalayo mwamuika m'khoma nkulemba pa pepala kuti mwasunga kaboni. Mwasunga chani? Mwatulutsa wambiri kuposa amene mwatsekera, mwapha chomwe chinkakoka, mizu iwola, dothi likokoloka, kasupe wa m'munsi aphwa. Khoma lotero ndi loipa kuposa la simenti wamba, chifukwa la simenti wamba silinamiza munthu. Masamu onse a biochar amagwira pokhapokha chinthu chootchedwacho chikanawola kapena kupsa chabe. Utuchi wa mnzanga uja ukanapsa kuseri kwa shedi, utsi nkupita, ndiye kuusandutsa makala n'kupulumutsa chomwe chinali chotayika kale. Mtengo wamoyo sunali wotayika.

Kaotchedwe nakonso ndi nkhani. Ng'anjo yokwirira ndi dothi ija imafuka utsi wachikasu masiku angapo, ndipo mu utsi umenewo muli mpweya wa methane womwe pa zaka 100 umatenthetsa dziko kuposa wa kaboni maulendo pafupifupi 28. Ndiye olo mutaotcha zinyalala zenizeni, mukaotcha mofukiza chonchi phindu lina mwalitaya mu utsi. Mgolo wanga uja nawo unafuka ndithu poyamba, maso anandiwawa, ndinazindikira pambuyo pake kuti utsi umenewo umayenera kuyaka. Makina abwino amautenga nkuuyatsa, moto wake nkumaumitsira zinthu kapena kuotchera zina. Palinso njira yosafuna makina yomwe a Ithaka aja anaifalitsa mu 2014, amaitcha Kon-Tiki, ndi chibeseni chachikulu chachitsulo kapena dzenje losongoka pansi, umayatsa moto nkumaponya zouma pang'onopang'ono pamwamba, lawi la pamwambalo limadya utsi komanso limatchinga mpweya kuti usafike pansi pomwe makala akupangika, pomaliza nkuzimitsa ndi madzi. Ndinayesa ya dzenje ndi nthambi zosadzidwa, zikakhala zouma bwino utsi umachepa zedi, umangoona lawi likuvina pamwamba. Zikakhala zonyowa ndi utsi wokhawokha.

Ku Ulaya anaona msanga kuti popanda malamulo zinthu zisokonekera, n'chifukwa chake kuyambira 2012 kuli chiphaso cha European Biochar Certificate chomwe chimafunsa komwe zootchazo zachokera, mmene zaotchedwera, ndi zomwe zili m'makalamo. Funso lomalizali ndi lofunika kwa ife omanga, chifukwa matabwa a pa saiti ambiri ndi opakidwa penti kapena onyikidwa m'mankhwala a chiswe, ena mwa mankhwalawo muli arsenic ndi chromium, ukaotcha zimenezo poizoni satha, wambiri amatsala m'makala ndi m'phulusa, kenako nkukapaka kuchipinda kogona ana.

Ndisaiwale alimi. Zomwe ife tikuzitcha zinyalala ena ndi chuma chawo, mapesi amaphimbira nthaka, amadyetsa ziweto, amapangira manyowa. Tikakokolola zonse m'minda kupita nazo ku fakitale ya mabuloko nthaka itsala yamaliseche, ndipo biochar yemweyo alinso ndi ntchito yabwino m'munda, amasunga madzi ndi chakudya cha mbewu makamaka m'dothi lamchenga ndi lowawasa. Ndiye ine ndikuti omanga titenge zomwe zaunjikana kale pamalo amodzi ndipo zikusowa kopita, milu ya utuchi kumacheka matabwa, milu ya mankhusu kuzigayo za mpunga, nthambi zomwe amasadza m'mizinda. Mankhusu a mpunga ali ndi mwayi wina, muli silika wambiri, chinthu chomwe chimapezekanso mu mchenga, ndipo silika ameneyo akapsa bwino amagwirizana ndi laimu wa mu simenti nkuthandiza kulimbitsa. Komanso makala ochokera ku zinthu zokayikitsa pang'ono, zomwe sungafune kuti zilowe m'munda, akayezedwa bwino malo ake abwino ndi pansi pa msewu kapena m'buloko la mpanda.

Pali ubwino umodzi wa khoma womwe ndimauganizira kawirikawiri. Makala ali m'thumba, olo mutawatcha dzina lokongola bwanji, tsiku lina wina adzawagula nkuwayatsa, kaboni yense nkubwerera kumwamba. Koma akasinjidwa nkusakanizidwa ndi simenti ndi mchenga palibenso angawatole. Nyumba ikadzagumulidwa patapita zaka 50 kaya 100, zigumukazo zimaphwanyidwa nkukadzadzira msewu kapena maziko a ina, makala aja ali momwemo. Mu January 2025 magazini ya Science inatulutsa kafukufuku wa Elisabeth Van Roijen ndi Sabbie Miller a ku University of California, Davis, pamodzi ndi Steven Davis wa ku Stanford, yemwe anawerengera kuti zipangizo zomangira zikhoza kusunga matani oposa 16 biliyoni a mpweya wa kaboni pa chaka zitasinthidwa zonse, ndipo biochar mu simenti anali imodzi mwa njira zomwe anaziwerengera. Nambalayo ndi ya zinthu zonse zitayenda bwino kotheratu, pa saiti sizikhala choncho, koma ikuonetsa kukula kwa nkhokwe yomwe timaimanga tsiku ndi tsiku osaikamo kanthu.

Ndalama nazo zalowapo kale. Makampani akuluakulu ngati Microsoft akugula ziphaso zosonyeza kuti kaboni wachotsedwa mlengalenga kudzera mu biochar, ndipo pali misika ngati Puro.earth ya ku Finland yomwe imayendetsa zimenezi. Ine sindikutsutsa, ngati ndalamayo ingapangitse kuti wocheka matabwa asiye kuyatsa utuchi ndi bwino. Koma pomwe pali ndalama yolipira pepala pamafunika maso, chifukwa wogula ali kutali, sadzaona chitsa chomwe chatsala kuphiri. Ndipo biochar asatiiwalitse njira zina zochepetsera simenti weniweniyo, monga simenti wa LC3 yemwe Karen Scrivener ndi anzake a ku yunivesite ya EPFL ku Lausanne ku Switzerland akhala akumulimbikitsa, wosakaniza dongo lootcha ndi mwala wa laimu wosaotcha, amene amachepetsa mpweya mpaka 40 peresenti. Ngakhalenso kungosiya kuononga, matope omwe timasakaniza ochuluka madzulo nkuuma pansi, matumba omwe amagwira chinyezi m'sitolo nkusanduka mwala, zonsezo ndi makilogalamu 30 aja pa thumba lililonse opita pachabe.

Za anyamata osakaniza matope palibe amazitchula. Tsiku lomwe ndinasinja makala ouma ndinamina zakuda mpaka mawa lake, pakhosi pakukanda. Ine linali tsiku limodzi, nanga amene adzagwire ntchito imeneyi chaka chonse? Fumbi la simenti likutipweteka kale m'chifuwa, tisaonjezerepo lina. Makala azisinjidwa ali onyowa, azifika pa saiti ali achinyezi kapena oumbidwa timibulu, ndipo chotchinga kumphuno chizikhala cha bwana kugula osati cha wantchito. Komanso makala ongotuluka kumene pamoto ukawaunjika osazimitsa bwino amatha kuyakanso okha usiku, ndiye asasungidwe pafupi ndi matabwa kapena mafuta.

Pempho langa kwa mabungwe oona za miyezo ya zipangizo ndi loti asadikire kuti mabuloko akuda adzadze pamsika kenako nkumathamangira m'mbuyo. Alembe msanga kuti biochar wololedwa pomanga ndi wotani, achuluke bwanji pa ntchito iti, ndipo wogulitsa aliyense azionetsa komwe zootcha zake zachokera, akalephera katundu asalowe. Sukulu zophunzitsa ntchito zamanja ziyambe kuyesa ndi ophunzira, aumbe mabuloko a miyezo yosiyanasiyana, awaphwanye, alembe zotsatira m'chilankhulo choti mmisiri wamba amve, chifukwa amene adzathire makalawa m'wilibala ndi ifeyo osati mapulofesa. Ndipo inu akonzi, mtolankhani wanu akadzaitanidwa kukajambula nyumba yoyamba ya konkire wa biochar, ajambule ndithu, koma asachoke asanafunse kuti makalawa munaotcha chani, munaotchera kuti, ndipo tingapite kukaona?

Ine pakadali pano ndaumba mabuloko 12 a utuchi womwewuja, anayi opanda makala, anayi a pang'ono, anayi ochulukirapo, onse ndawalemba manambala ndi penti ndipo ali m'madzi mu mgolo. Mnyamata wa uinjiniya uja wandilonjeza kuti tsiku la 28 likakwana adzawatenga kukawaphwanya pa makina a kusukulu kwawo. Zikatuluka ndidzakulemberaninso manambala ake momwe adzakhalire, kaya akomera makala kaya ayi.

Ndine wanu,
Mmisiri womanga nyumba